Ndemanga Nambala 317

Tsiku lachitatu m'holo ya hotela ku Halifax.
Makatani ndi otseka, kunja chipale chikugwa chopingasa,
khofi wazizira m'makapu a pepala.
Ine ndine mlembi. Ntchito yanga ndi kuwakha mawu
asanagwere pansi pa tebulo.

Kuyambira Lolemba takhala tikukokana pa liwu limodzi:
tilembe kuti waya "ayenera" kapena "angathe"?
Musaseke.
Pakati pa mawu awiriwo pali mafakitale,
pali ngongole za kubanki,
pali mnyamata amene adzakwere makwerero zaka khumi zikubwerazi
osadziwa n'komwe kuti ife tinakhalapo pano.

Okabe akuti kopa akadali ndi mafuta m'mafupa.
Timawaya tisanu ndi titatu, topotana tiwiritiwiri,
tingathe kuthamangitsa uthenga kakhumi kuposa lero,
mamita zana, osachotsapo ngakhale chala.
Waonetsa pakhoma mizere yobiriwira, yosalala,
yochokera mu labu yake
momwe ngakhale fumbi limavula nsapato pakhomo.

Rautiainen wapukusa mutu.
Kopa wakalamba, akutero, musiyeni apume,
kuwala koyenda m'ulusi wagalasi kwafika kale.
Wina kumbuyo wafunsa:
nanga makoma a dziko lonse agumule ndani
kuti tizule zimene tinakwirira dzana?

Kenako ndinawerenga: ndemanga nambala 317.

Anaimirira mayi wopanda baji ya kampani,
Réjeanne Thibodeau, zala zodzaza ndi zipsera.
Sanabwere ndi zithunzi.
Anatula pa nsalu yoyera mtolo wa mawaya otuwa
amene anadula kudenga la chipatala china ku Moncton,
omangidwa ndi timalamba ta pulasitiki
mothina mpaka kuchita chiuno.

Wanu wa mu labu amagona yekha, anatero.
Angawa amagona makumi anayi pabedi limodzi,
ndipo usiku wonse amanong'onezana.
Chimene wina wanyamula mnzake amamva,
n'kukachitula kutsogolo ngati chake.
Mawaya nawo ali ndi miseche.

Holo yonse zii.

Tinayala mawaya ake pa kapeti, pakati pa miyendo ya mipando,
akuluakulu a mataye atagwada ngati ana.
Makina anayamba kuwerenga.
Pa mamita makumi asanu uthenga unkayenda chilili.
Patsogolo pang'ono unayamba chibwibwi.
Usanafike kumapeto unali utaiwala dzina lake.

Okabe anavula magalasi,
anawapukuta nthawi yaitali kuposa mmene anadera.
Yesaninso.
Tinayesanso.
Masamu anga sananame, anatero pomaliza,
kungoti sanakwerepo kudenga.

Pano chinthu sichidutsa
pokhapokha atatu mwa anayi alionse atakweza mkono.
Ndinawerenga kuchokera kumanzere, Vasanthi kuchokera kumanja,
tinasiyana ndi mmodzi, tinabwereza,
mikono ikunjenjemera m'mwamba.
Wa Rautiainen unakwera mochedwa, theka lokha,
koma theka nalonso ndinaliwerenga.

Ndiye ndinalemba:
waya watsopano ayenera kufika mamita zana;
wakale angathe, akayesedwa kaye,
akamasulidwa malamba kuti apume.
Mawu onse awiri analowa, lililonse m'chipinda chake.

Bukuli likadzatuluka, lonenepa ngati njerwa,
ndani adzafike pa tsamba limenelo?
Koma tsiku lina namwino adzalowetsa kapulagi pakhoma,
kadzalira kuti tha,
ndipo chithunzi cha chifuwa cha mwana
chidzachoka m'chipinda chapansi kufika nsanjika yachinayi
dokotala asanakoke mpando.

Réjeanne anakulunga mtolo wake, anali ndi basi ya sikisi koloko.
Pa nsalu yoyera panatsala mzere wa fumbi la kudenga,
ndi kamutu ka lamba wapulasitiki.
Ndinayang'ana m'kaundula wanga:
pali danga la mayina, danga la mavoti, danga la nthawi.
La fumbi palibe.
Kalambako ndinaika m'thumba la jekete.